Kamakina ka Gracious

Lolemba, 15 Julayi 2024
Ndafika kuno ku Nkhulambe dzulo. Zaka zitatu ku India osabwera. Amayi akuti ndaonda. Anthu akubwera kudzaona "injiniya wa magetsi", wina mpaka wabweretsa wailesi yakufa. Gracious yekha, mwana wa amalume, sanabwere.

Lachitatu, 17 Julayi
Izi sindinauzepo munthu. Kamakina kopukusa magetsi kaja tinaika pamtsinje m'munsi mwa phiri, kamene ndinajambula popempha malo ku yunivesite, sindinapange ine. Anapanga ndi Gracious, ndi mota yakale ndi limu ya njinga. Ine ndinkangomupatsira pulayazi. Koma m'kalata ndinalemba kuti "ndinapanga". Chingerezi chinali changa, manja anali ake. Iye sukulu anasiyira Folomu 2.

Lachinayi, 18 Julayi
Ndinamutsatira Gracious pabenchi yake yokonzera zamagetsi pamsika. "Mwafika bwanji, a Ufulu?" Moni wa kwa mlendo. Anali ndi inveta ya mayi wina wa saluni. Ine ndiye kuyamba kujambula mizere papepala, kufotokoza monga timachitira m'kalasi. Iye anangoinunkhiza, n'kuloza kapasita yotupa. Ataisintha, posakhalitsa inveta yayaka. Pepala lija ndinalipinda mwakachetechete.

Loweruka, 20 Julayi
Gracious akudziwa.

Wandiuza ndi mkazi wake Aliness, tikusenda nandolo pakhonde. Chithunzi chija yunivesite inachiika pa intaneti, dzina langa pansi pake. Munthu wina anamuonetsa pafoni chaka chatha. Ndinafunsa kuti ananena chiyani. "Palibe. Anangoti, 'Wandidula, latsalamo ndi phazi langa lokha.'"

Lamulungu, 21 Julayi
Kutchalitchi sindinapite. Ndalembera mkulu wa dipatimenti yathu kalata youlula zoona, kufufuta, kulembanso. Ili m'foni, sindinatumize. Chatsala chaka chimodzi basi. Akandichotsa, amayi ndidzawauza chiyani?

Lachiwiri, 23 Julayi
Ndinapitanso kwa Gracious. Ndinamupatsa foni kuti awerenge, anandibwezera. "Werenga m'Chichewa." Ndinawerenga yonse, anthu akudutsa ndi njinga za makala.

"Ukatumiza akuchotsa?"

"Mwina."

"Ndiye ine ndipindula chiyani?"

Anapitiriza kumasula foni ya munthu, osandiyang'ana. Kenako anati, "Za chithunzizo ndinakwiya sabata imodzi, zinatha. Chinandiwawa n'china. Zaka zitatu iwe uli pakati pa mabuku a magetsi, olo limodzi osanditumizira. Olo tsamba, kujambula pafoni. Ndinkadikira, Ufulu."

Ndinamubweretsera malaya kuchokera ku India. Akadali m'chikwama, ndikuchita nawo manyazi.

Sanandiuze kuti tumiza, sanandiuzenso kuti leka. Netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa msika. Ndinakwera, ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu. Ndatumiza.