Andilamula kutsegula mauthenga a aliyense ku ofesi

Aphungu,

Lachisanu abwana anandilamula kuti sabata yamawa isanathe, mabokosi onse a mauthenga pa mafoni a ku ofesi kwathu akhale ndi nambala yachinsinsi imodzi yodziwika kwa aliyense. Ine ndi amene ndimayang'anira makinawo. Mayina a m'kalatayi ndasintha.

Ofesi yathu ili ku City Centre ndipo timagwira ntchito yoyeza malo. Aliyense ali ndi foni ya padesiki. Ikalira popanda woyankha, makina amajambula mawu a woimbayo n'kuwasunga m'bokosi la mwini foniyo. Makinawo amandilola kusankha amene angamvetsere uthenga, amene angaufufute ndi amene angautumize kwa wina. Powaika ndinakonza zoti zonsezi azichita mwini bokosi yekha.

Mwezi watha a Edwell, mmodzi wa oyeza malo athu, anali kutchire ku Mchinji kumene netiweki sigwira. Mayi awo anamwalira kumudzi, kuseri kwa Nathenje, Loweruka m'mawa. Mng'ono wawo atalephera kuwapeza pa foni ya m'manja anaimba ya padesiki. Anayankhidwa ndi mawu a Chingerezi, anasiya uthenga, ndipo maliro anaika Lamlungu. Ofesi inkadziwa pamene a Edwell anamanga msasa, galimoto ikanatha kukawatenga. Iwo anamva Lolemba, foni itayamba kugwira ali panjira yobwerera.

Atabwerako kumudzi anapeza uthengawo ukuwadikira. Anaumvetsera tonse tili pomwepo: "Achimwene, mayi atisiya. Anthu akufunsa ngati tikudikireni." Ataika foni pansi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Makina anu asunga bwino chinsinsi."

Lamulo la abwana lija linabwera chifukwa cha nkhani imeneyi. Lachisanu lomwelo ndinawafotokozera abwanawo, a Edwell akumva, kuti uthengawo unafika ofesi ili yotseka, choncho ngakhale mabokosi onse akanakhala otsegula, panalibe munthu woti amvetsere. Anandiyankha kuti ndimawerenga kwambiri koma maliro sindiwadziwa, ndipo lamulo lawo silisintha.

Tsiku lomwelo, ndikudikira minibasi, Anastazia amene amatijambulira mapu anandikokera pambali. Anandiuza kuti mwamuna wake amamumenya, ndipo akafika kunyumba ku Area 47 amamulanda foni n'kuwerenga zonse. N'chifukwa chake loya wake ndi mchemwali wake amamusiyira mauthenga pa foni ya padesiki. Akukonzekera kuchoka ndi ana. Dalaivala wathu Levison ndi msuweni wa mwamunayo, ndipo amamwera limodzi ku Old Town. Anastazia anati, "Mwamuna wanga akangomva tsiku limene ndikuchoka, m'nyumba muja sinditulukamo wamoyo." Anandipempha kuti ndisauze munthu.

Sindikufuna kuti wina adzaphonyenso maliro a kholo lake. Koma ndikatsatira lamuloli, Levison akhoza kumva zonse podina nambala basi. Kodi ndikane, ndiulule za Anastazia kwa abwana, kapena ndiname kuti makinawo sangathe kuchita zimene akufunazo?

T.C., Lilongwe

A T.C.,

Musaulule, musaname, ndipo musathamangire kutsegula. Bodza loti makina sangathe lidzagwa tsiku limene amisiri amene anakuikirani makinawo adzabwere, ndipo pambuyo pake palibe adzakukhulupirireni. Chinsinsi cha Anastazia nachonso si chanu choti mugulire chilolezo kwa abwana.

Yambani ndi iyeyo, chifukwa moyo umene uli pachiswe ndi wake. Lolemba afike ena asanabwere, amvetsere zimene zili m'bokosi lake, azifufute zonse. Auze loya ndi mchemwali wake kuti posiya uthenga asamatchule tsiku kapena malo, azingoti imbani. Foniyo ndi ya kampani, si malo obisalamo mpaka kalekale. Mulimbikitseni apite ku ofesi ya apolisi yothandiza anthu ochitidwa nkhanza, ndipo loya adziwe kuti nkhaniyi ikhoza kuululika msanga kusiyana ndi mmene ankaganizira.

Tsopano za a Edwell. Mfundo yanu yoti uthengawo unafika Loweruka ofesi ili yotseka ndi yoona, koma munainena pa nthawi yolakwika. Kwa munthu amene sanathire dothi pamanda a mayi ake, mawu otero amamveka ngati mukusamba m'manja. M'kalata yanu sindinaonemo pamene munapita kukawapepesa. Pitani kunyumba kwawo, mukakhale pansi, za makina musakazitchule. Akayamba okha, mukawafunse kuti akanafuna chikanachitika n'chiyani tsiku lija.

Mfundo yomweyo ikusonyezanso pamene panali vuto lenileni. Uthengawo sunatsekeredwe ndi nambala yachinsinsi. Unasowa njira yotulukira mu ofesi yopanda anthu. Konzani bokosi lapadera la maliro ndi matenda, ndipo lizitumiza uthenga nthawi yomweyo ku mafoni a m'manja a anthu awiri, mmodzi akhale abwana anuwo, kaya ndi Loweruka kaya ndi holide. Mawu olandira woimba ajambulidwenso m'Chichewa, ndi m'Chitumbuka ngati muli ndi anzanu akumpoto, anene momveka kuti amene ali ndi uthenga wa maliro kapena matenda adine nambala wani. Munthu wa kumudzi amene akuimba akulira, mayunitsi akutha, asamalimbane ndi Chingerezi.

Amene akupita kutchire asankhe yekha mnzake mmodzi womumvetserera mauthenga mpaka atabwerako. Chilolezo chimenecho chikhale chomvetsera kokha. Kufufuta ndi kutumiza kwa wina zikhalebe za mwini bokosi.

Kwa abwana simukufunika kutchula dzina la aliyense. Auzeni kuti makasitomala amasiya mauthenga a mikangano ya malire, achipatala nawonso amaimbira anthu pa mafoni amenewo. Nambala ikakhala imodzi, aliyense akhoza kufufuta uthenga, wa maliro womwe, ndipo simudzadziwa kuti ndani. Akaumirirabe, mafoni ndi awo. Apempheni kuti antchito onse auzidwe nthawi ilipo, aliyense achotse zake ndi kudziwitsa omuimbira. Potero Anastazia abisala pakati pa anzake.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Kuyambira lero musaoneke mukunong'onezana ndi Anastazia, ndipo Levison muzimulonjera monga mwa masiku onse. Wina akabwera mwaulemu kuti mnzake waiwala nambala yake yachinsinsi, n'kupempha kuti mumuthandize kuisintha, yankho likhale lakuti abwere mwini wake.

Musakalowe kwa abwana ndi mfundo zokha. Konzani bokosi la maliro lija kaye, ndipo ngati a Edwell avomera, mng'ono wawo yemwe uja aimbe kuchokera kumudzi inu muli mu ofesi ya abwana, adine wani. Foni ikalira m'thumba mwawo, ndikuyembekeza kuti za nambala imodzi sazitchulanso, ndipo Anastazia apeza masiku amene akufunika kuti atuluke ndi ana ake.

Aphungu