Vidiyo ya Ilham

Chunga, Lusaka
Okutobala 2022

Bambo a Ilham,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira Allah akukusungani bwino ku Joniko, ndipo chifuwa chija chinakusiyani. Kuno tilipo. Amayi anu miyendo ikuwavutabe koma akuyenda. Kwatentha koopsa, mvula sinayambe.

Kalatayi ndapatsira a Killian, oyendetsa basi aja, chifukwa foni ndilibe. Inu mukudziwa kumene inapita.

Lachisanu atatuluka ku mzikiti, alamu anga a Abdul Hamid anabwera ndi galimoto yawo kuchokera ku Woodlands. Sanakhale ngakhale pampando. Anati mwawatuma kudzatenga foni chifukwa ikuwononga mwana ndiponso ikuchititsa manyazi banja. Foniyo inali m'manja mwa Ilham. Anachita kumutambasula zala chimodzichimodzi. Kumpando wakumbuyo kwa galimotoyo kunali ana awo awiri, aliyense maso ali pa tabuleti yake.

Popeza simunandifunse kanthu, ndikuuzani ndekha zimene foni imeneyo inachita m'nyumba muno.

Mukukumbukira mmene mwana wathu analili matenda oumitsa khosi aja atamutseka makutu. Ankaluma, ankaswa makapu, ankadzigwetsa pansi n'kumakuwa mpaka anthu kudzaza pakhomo. Achibale anu ankati ndi majini. Tinayenda naye kwa anthu owerenga madua, tinamumwetsa zowawa zosiyanasiyana. Inu munatopa n'kunyamuka, mukuti mukukafuna ndalama. Ine ndinatsala naye, ndikumukoka dzanja ngati mbuzi kupita naye ku Kamwala kumene ndimagulitsa zitenje, chifukwa palibe ankafuna kutsala naye.

Chaka chatha kunabwera mayi wina kudzagula chitenje. Dzina lake ndi Emmy, amakhala ku Kabwata, amaluka tsitsi. Nditamutchulira mtengo, analoza khutu lake n'kupukusa mutu. Kenako anaona Ilham atakhala pansi pa tebulo. Anagwada m'fumbimo ndi siketi yake yoyera n'kuyamba kumulankhula ndi manja. Mwana amene sayang'ana munthu kumaso anamuyang'ana mayiyo osaphethira.

Ba Emmy anatenga foni yanga, nandilembera kuti mwanayu si wodwala mutu, akungosowa chinenero. Anandionetsa pa intaneti pamene pali mavidiyo ophunzitsa chinenero chamanja, nandiikira nambala yawo.

Bambo a Ilham, mwana wanu anafika zaka zisanu ndi zitatu asakudziwa kuti ali ndi dzina. Sankadziwa kuti iye ndi Ilham, kuti ine ndine mayi, kuti madzi ali ndi dzina lake. Tsiku limene anazindikira zimenezi anazungulira nyumba yonse akugwira chitseko, beseni, mphaka, ndowa, akundikoka kuti tifufuze pa foni. Ndiwo zinapserera pa mbaula ine osamva fungo.

Ndinkaphunzira naye limodzi, ngakhale iye ankandisiya kutali. Chinthu choyamba chimene anandiuza ndi manja ake n'chakuti kapenta amadana naye. Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinalira zenizeni, pokumbukira mmene ndinkamumenyera akataya mbale. Anandiuzanso kuti dzino lakumanzere lakhala likumupweteka kuyambira kalekale. Tinakalichotsa. Kukuwa kuja kunatha.

Ba Emmy anamulumikiza ndi mtsikana wina wosamva wa ku Chelstone, dzina lake Chisenga. Ankaimbirana pa vidiyo madzulo aliwonse, manja ali piringupiringu, akuseka zinthu zimene ine sindinkazitsatira n'komwe. Chisenga ndiye anamuphunzitsa zilembo. Lero Ilham amawerenga zikwangwani za minibasi, amadziwa yopita ku Northmead ndi yopita ku Avondale. Ku Kamwala amandithandiza kupinda nsalu, ndipo amayi anzanga amene ankamuthawa aja tsopano amamupatsa moni ndi manja. Ba Chishimba a tebulo loyandikana nalo, amene kale ankati ndizimusiya kunyumba, anachita kundipempha kuti ndiwaonetse mmene anganenere ndi manja kuti uli shani, ndiye kuti uli bwanji.

Tsiku lina anatenga chithunzi chanu chija n'kundifunsa kuti munakaikidwa kuti. Sindinamve bwino, ndinamuuza abwereze. Anabwereza. Zaka zonsezi mwanayu ankakhulupirira kuti munamwalira. Anaona mukutuluka ndi chikwama, anaona ine ndikulira, ndipo panalibe njira yomufotokozera. Akuti tikamapita kumaliro ankayang'anayang'ana manda, kuganiza kuti amodzi mwa iwo ndi anu.

Nditamuuza kuti muli moyo, sanadye tsiku limenelo. Anavala diresi lake la pa Idi, namanga mpango, nandiuza ndimujambule. Anabwereza kambirimbiri mpaka atakhutira kuti manja sanalakwitse. Vidiyo imeneyo ndi imene ndinaika pa gulu lathu la banja la pa foni.

Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinaganiza kuti mudzafunsa tanthauzo lake. Simunafunse. Achemwali anu anaika tinkhope toseka. Wina analemba kuti mwanayu akuvina chiyani. Inu munatumiza mawu ojambula, mukukalipa kuti ndikuonetsa chilema chathu kwa anthu, ndichotse msanga misala imeneyi. Mawu, bambo a Ilham. Mwana wosamva anakutumizirani manja ake, inu n'kuyankha ndi mawu. Iye anaona kuti pabwera uthenga wochokera kwa inu, anandigwedeza phewa kuti ndimumasulire. Ndinamuuza kuti netiweki yavuta.

Tsono imvani zimene ankanena mu vidiyomo, popeza palibe wa kwanu anafuna kudziwa. Ankati iye ndi Ilham, mwana wanu. Ankati wakula, amatha kulemba dzina lake ndi lanu lomwe. Ankati sakuswanso makapu, ndiye mukhoza kubwerera.

Mwana akuganiza kuti munathawa makapu.

Chichokereni foni, Ilham sakuwa, saluma. Bola akanakuwa. Amakhala pa khonde nthawi imene ankaimbirana ndi Chisenga, manja ali pamiyendo. Dzulo anandifunsa ngati analakwitsa chizindikiro china mu vidiyo ija, mwina n'chifukwa chake a Abdul Hamid anakwiya.

Sindikukupemphani chilolezo pa zimene ndikuuzeni apa. Loweruka lililonse ndizipita naye ku Kabwata kwa ba Emmy. Foni ina ndigula ndekha ndi zitenje zanga, ndipo amene adzabwere kudzailanda adzayambe wathyola zala zanga. Januwale akayamba sukulu ya ana osamva imene ba Emmy atipezera. Achibale anu akafuna kuchita manyazi achite, ali ndi nyumba zazikulu zochitiramo manyaziwo.

Chimene ndikupempha n'chimodzi. Foni muli nayo, intaneti ya ku Joni ndi yabwino kuposa yathu. Mavidiyo amene anaphunzitsa ine, munthu wolekeza sukulu panjira, angaphunzitsenso inu. Phunzirani moni yekha. Dzijambuleni, mutumize kwa ba Emmy, nambala yawo ndalemba kuseri kwa pepalali. Ngakhale mulakwitse, Ilham adzakukonzani, amakonza ine tsiku ndi tsiku.

Ngati simungathe, ndilembereni mosabisa kuti simufuna. Ndidzamuuza ndi manja angawa, chifukwa tsopano amafunsa mafunso, ndipo ine bodza la netiweki sindinenanso.

Mundiperekere moni kwa a Chibesa amene mumakhala nawo ndi akazi awo. Amayi anu akuti mukumbukire mapemphero a swala. Allah akusungeni, akupatseni thanzi, akufewetseninso mtima.

Ndine mkazi wanu,
Mwanaima