Mtima Umene Makina Ankawerenga

Tukuyu,
14 Juni

Okondedwa akulu anga, Dada Subilaga,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dodoma pamodzi ndi amayi. Kuno kukuzizira, ndipo mwana wanga tinamuika Lachiwiri. Anapita azimayi okhaokha, kuseri kwa nthochi. Anandiletsa kulira mokweza, akuti khanda la masiku ochepa saliririra maliro.

Anabadwa pa opaleshoni masiku asanakwane, wochepa kwambiri. Kuchipatala anamumata pachifuwa kachigamba kopyapyala ngati sitampa, kosindikizidwa timizere tasiliva. Kamamva kugunda kwa mtima n'kutumiza nambala pa kanema wa patebulo la anamwino. Kenako anandimangirira mwanayo pachifuwa ndi nsalu ya kanga kuti azifundidwa ndi thupi langa. Pepala la malangizo ndinaliwerenga lonse, mukundidziwa. Linaletsa kumudzoza mafuta.

Apongozi atabwera ndi botolo la mafuta a kokonati, ndinawauza mwaulemu. Anati, “Aphunzitsi, ine ndalera ana asanu ndi awiri ndi mafuta omwewa. Mabuku akowo alera angati?” Anamudzoza thupi lonse n'kumubwezera m'kanga.

Masana ndinamva kuti wazizira. Ndinaitana namwino, koma sanadzuke n'komwe, anangosuzumira kanema uja. “Mama, nambala ili bwinobwino. Kamnyamata kako kakuthamanga ngati njinga yamoto ya bodaboda! Iwe ndi makina, wodziwa ndani? Gona.” Azimayi a pamabedi ena anaseka. Nanenso ndinasekako pang'ono, Dada, chifukwa ndinkafunitsitsa kuti akhale akunena zoona.

Anamwino atamasula kanga nthawi yoyamwitsa, anapeza mwana atapita kale, kachigamba kaja katamatirira pa bere langa. Kanali katatsetsereka ndi mafuta. Ine thupi linali litatentha, mtima ukugunda mofulumira ngati wa khanda. Nthawi yonseyo makina ankawerenga ine.

Kunyumba apongozi anauza mlamu wanu Gwamaka kuti, “Mkazi wako anagonera mwana, n'kunamiza anamwino ndi mtima wake womwe.” Iye anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Nditangotchula za mafuta, anakweza dzanja kuti ndisiye. “Mwana wapita. Tsopano ukufuna undiphere ndi amayi anga omwe?” Madzulo ake mayi akewo anamuphikira nthochi za nyama, ndipo anadya n'kuwonjezera.

Dzulo Gwamaka anaika mabuku anga m'thumba la feteleza n'kulisiya pakhonde. Akuti pofika Lamlungu ndikhale nditachoka. Sindikukana. Koma msoko wa opaleshoni sunapole, ndipo mkaka ukutulukabe, ukunyowetsa malaya anthu akuona. Sindingathe kukwera basi ndekha. Chonde bwerani mudzanditenge. Sindidzakuvutitsani, malo a mkeka okha andikwanira.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi musawauze kaye. Ngati amaliza kuluka kachipewa ka mdzukulu wawo, kalandireni ndi manja awiri, muwauze kuti ndanena kuti kamukwana.

Ine mng'ono wanu,
Tusajigwe