Parafini pa Tepi ya Abambo Mfumu

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kunja kukuzizira, koma ine mtima ukuwira.

Alamu abweza tepi ya Abambo Mfumu, ya filimu yakalekale ya kwawo ku Falansa, ya zigawenga ndi apolisi m'nkhungu. Ndinawabwereka mobisa kuti akaonetse anthu ku Linthipe. Ataona zithunzi zakuda ndi zoyera zokhazokha, anaganiza kuti tepi yada, n'kuipukuta ndi parafini!

"Alamu, timati kalala ibwerere, mitundu ioneke," akutero uku akuseka.

Ndaiyesa pa vidiyo, ikungoonetsa mizere. Zaka zonsezi ndikugwira ntchito m'nyumba ya Abambo, sindinaswepo ngakhale kapu. Iwo ali chigonere, ndipo lero andipempha kuti, "Mawa mundiikire ija, ndimveko chilankhulo cha mayi anga."

Ndayankha kuti chabwino. Chabwino chiyani? Mawa ndikaimirira pakhomo pawo, ndikawauze kuti chiyani?