Riboni Isanafike

Nyumba 47, Kasanda,
Kabwe.
14 Ogasiti 1978

Okondedwa Atate,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa Amayi. Bondo lija likukulolani kufika kutchalitchi, kapena mukupumirabe panjira? Olipa analemba kuti chifuwa cha Amayi chinachepa mphepo ya Julaye itatha, ndipo tinathokoza Mulungu. Kuno ine ndi Keziah tili bwino, ana akupita kusukulu. Fumbi la kumgodi lachuluka monga limachitira nyengo ino, ndipo sopo tikumupeza titaima pamzere theka la tsiku. Koma si za sopo zimene ndakhalira pansi.

Nkhani ndi ya mng'ono wanga Yoram. Sakudwala, musadzidzimuke.

Mukukumbukira kuti chaka chatha timu ya anthu a kumgodi kuno, Mtovu United, inatenga chikho cha chigawo chino, Yoram ali pagolo. Tsiku lomaliza anagwira mapenate awiri. Anthu anamunyamula pamapewa kuchokera kubwalo mpaka kumsika, namutcha dzina loti Loko, ati golo waitseka ndipo kiyi wameza. Ngakhale amayi ogulitsa kapenta, amene mpira sautsata, ankamuitana kuti ba Loko n'kumuwonjezera pambale.

Chaka chino tasewera kakhumi ndi kasanu ndi kawiri, tapambana kawiri kokha. Dzina lija lasintha, tsopano ndi Sefa. Loweruka lapitali, titamwa zigoli zisanu, bambo wina wa ku Makandanyama anabwera ndi sefa yeniyeni ya ufa, naikoleka paukonde kumbuyo kwa Yoram, akufuula kuti ba Sefa atisefereko mgaiwa popeza ndiyo ntchito imene akuidziwa. Bwalo lonse linaseka. Yoram anaichotsa, naiika pambali bwinobwino kuti isapondedwe. Mlamu wanga Lettie, mkazi wake, anali pomwepo ndi pakati pake pa miyezi isanu ndi iwiri. Masiku ano amapita kumpopi anthu akachokako.

Aliyense ali ndi chifukwa chake. Ena akuti Yoram anayamba mowa, pamene mukudziwa kuti ngakhale thobwa logona salawa. Ena akuti mankhwala amene tinatengera chikho anasuluka. Ena akuti ndi chifukwa anyamata athu atatu anatengedwa ndi matimu akuluakulu a ku Copperbelt, ndipo pamenepo pali choona pang'ono. Koma chifukwa chachikulu ndikuchidziwa, Atate. Ndine.

Paja anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya timu poona kuti ndinapita kuyunivesite ndipo ndimadziwa taipi. Mpira sindinaumenyepo, mukudziwa nokha. Titatenga chikho ndinapeza buku la Chingerezi lofotokoza mmene matimu a ku Ulaya amasewerera. Ndinaliwerenga kawiri, ndikujambula mizere papepala. Munali njira ina yoti otchinga kumbuyo onse anayi azithamangira kutsogolo nthawi imodzi, kuti mdani wotsalira kumbuyo kwawo agwidwe ndi lamulo, mpira uimitsidwe. Papepala zinali zokongola. Ndinapita nazo kwa a Petson, kochi wathu, munthu amene anaphunzitsa anyamatawa kwa zaka khumi popanda buku. Anamvetsera, nandifunsa ngati mzungu wolembayo anaonapo bwalo la Kasanda nthawi ya fumbi, pamene wa mbendera sangaone ngakhale mapazi ake. Ndinaseka. Komiti inamva kuti zachokera kwa munthu wa digiri, ndipo inawalamula a Petson kuti achite.

Kuti mumvetse, zili ngati kutsekula khola n'kudalira kuti fisi amvera lamulo. Mmodzi mwa anayiwo akachedwa phazi limodzi, kapena wa mbendera akaphethira, mdani amatsala yekha ndi goloboyi. Masewero aliwonse zimachitika kasanu, kasanu ndi kamodzi. Yoram amagwira mipira ina, koma anthu amawerenga yokhayo yolowa.

Iye amadziwa kumene zinachokera, koma sanauzepo munthu. Tsiku lina atabwera kudzabwereka pampu ya njinga anaona bukulo pashelufu. Analitsegula, nandifunsa akumwetulira ngati muli tsamba lonena zimene munthu amachita anzake onse akamuthawa. Kenako analibwezera pamalo pake n'kufunsa za ana. Bwenzi zili bwino akanandinyoza.

Lachinayi komiti inakumana. A Philimon, apampando, ananena kuti anthu akufuna kuona wina atachoka, ndipo dzina limene lili pakamwa pa aliyense ndi limodzi. A Petson anayang'ana kwa ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinaweramira pabuku, ndikulemba zimene ena ankanena. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wanga unalewa, nkhonya n'kugwera mng'ono wanga. Ndinadziuza kuti ndiyankhula akamaliza a Philimon, kenako kuti akamaliza wina uja, mpaka anatseka ndi pemphero. Sindikudziwa ngati ndinaopa kusekedwa kapena kutchedwa wokondera mbale. Mwina ndimangokonda kuoneka wanzeru kuposa mmene ndimakondera anthu. Ndalingalira zimenezi masiku anayi ndipo yankho labwino sindinalipeze.

Anagwirizana kuti Yoram achotsedwe m'timu, ndipo kalata yomuchotsa alembe ndi mlembi.

Si mpira wokha, Atate. Ntchito yake ya kusitolo ya zipangizo anapatsidwa chifukwa chosewera. Wochoka m'timu amabwerera kumashifiti, ndipo malo amene alipo ndi a kung'anjo yosungunulira mtovu. Ndimagwira mu ofesi, ndimawaona amuna a kumeneko akamabwera kudzapempha tchuthi, atagwira pamimba, manja akunjenjemera. Ndinamuyesa Yoram mozungulira kuti bwanji zinthu zikavuta akapumeko kumudzi. Anayankha kuti kung'anjo angapite, koma sangatsike basi ku Chadiza ngati munthu wothamangitsidwa, inu n'kumuyang'ana osanena kanthu.

Kalatayo sindinailembebe. A Philimon ndawauza kuti riboni ya taipi yatha ndipo m'masitolo mulibe. Theka lake ndi loona, m'masitolo mulibedi. Iwo akuti abwera nayo kuchokera ku Lusaka kumapeto kwa mwezi. Kalata imatenga sabata kufika kwanuko ndi sabata kubwera kuno. Ndawerenga masiku kangapo, akukwana ngati simuchedwa.

Pempho langa ndi limodzi. Mulembereni Yoram, mumuitane.

Ndikudziwa kuti simunamulemberepo chichokereni. Ndine ndinakulemberani zaka zitatu zapitazo kuti abwere, inu munakana chifukwa mpira umaseweredwa ndi pa Sabata pomwe, ndipo munalola nditalonjeza kuti ndimuyang'anira. Onani mmene ndamuyang'anirira. Sindikukupemphani kuti muname, mkulu wa mpingo. Ng'ombe zikufunadi munthu, bondo lanu silingatsate pulawo chaka chino, ndipo Lettie angachire bwino pafupi ndi Amayi. Zonsezi ndi zoona. Mukamuitana inu, adzapita yekha kwa a Philimon kukatsanzika ngati mwana woitanidwa ndi atate ake, ndipo palibe wa ku Kasanda amene angaseke zimenezo.

Za ine, ndalemba papepala mawu amene ndikanene kukomiti Lachinayi likudzali, kuti njira ija inali yanga ndipo aibweze timu m'manja mwa a Petson. Keziah akuti ndikaimirire ndisanayambe kuganiza. Ndikufuna kukulonjezani kuti ndikanena, koma mwaona kale kulemera kwa malonjezo anga. Ndipo ngakhale ndinene, sefa ija anthu aikoleka kale.

Olipa anandiuza chinthu chimene mwina simunafune kuti chidziwike. Akuti chithunzi cha m'nyuzipepala chimene ndinatumiza, Yoram ali m'mwamba atakumbatira mpira, munachipinda n'kuchiika m'buku lanu la nyimbo, ndipo mumapita nacho kutchalitchi. Musamukalipire Olipa. Yoram sakudziwa. Amaganiza kuti munayatsira moto.

Mupereke moni kwa Amayi, koma za kung'anjo musawauze. Moni kwa Olipa ndi alamu, kwa amalume a Saulos, kwa azakhali ndi ana onse. Keziah ndi adzukulu anu akupereka moni.

Ngati mtima wanu sulola kumuitana, ndidzamvetsa. Mungomulembera mzere umodzi, kuti chithunzi chija mukadali nacho.

Ndine mwana wanu,
Nason