Mayi a Enoki Pakhonde Pathu

Lolemba, 8 Julaye 1996

Zaka khumi ndi ziwiri ndikumasulira m'khoti. Milandu ya mbuzi, ya malire a minda, ya ndewu za pamowa. Lero kunabwera ajaji ochokera ku Lilongwe kudzagamula mlandu wakupha pano pa Dowa, womasulira wawo n'kutsekula m'mimba. Basi, anangondiuza kuti Alexio imirira.

Woimbidwa mlandu ndi Enoki Solomoni, tenanti wa fodya wa ku Bowe. Anamenya mnzake ndi mpini pa mkangano, mnzakeyo n'kufa. Ajaji anawerenga chigamulo m'Chingerezi, khoti lonse lili zii, palibe wamva kanthu. Kenaka ine: "Mudzanyongedwa pakhosi mpaka mutafa." Apo ndi pamene mayi wina anakuwa kumbuyo. Enoki sanayang'ane ajaji, anayang'ana ine.

Lachiwiri, 9 Julaye

Sindinadye. Faines, mkazi wanga, akuti ndi malungo. Aziganiza choncho.

Lachinayi, 11 Julaye

Poweruka ndapeza mayi anakuwa aja atakhala pakhonde pathu, kuzizira konseku. Ndi mayi ake a Enoki, dzina lawo a Debora. Ku Bowe sanabwerere. Akuti anafunsa pamsika kumene amakhala "bambo amene anagamula mwana wanga", ndipo anthu a pa Dowa, kukoma mtima kwawoko, n'kuwalozera kwathu!

"Bambo, bwezani mawu aja."

Ndinafotokoza kuti ine ndimangobwereza zimene ajaji anena. Ndinafotokoza kawiri, katatu.

"A chipewa chaubweya aja ine sindinawamve. Ndinamva inu."

Kunena zoona, sakunama.

Lachisanu, 12 Julaye

Abweranso. Apolisi awauza kuti Enoki wapita "ku kondemu" ku Zomba, ndiye akufuna ndiwauze kuti kondemu n'chiyani.

Mawu Achingerezi amenewa timangowatchula tsiku ndi tsiku pa boma pano, osaganiza. Galimoto yofera kuseri kwa ofesi ija, imene nkhuku zimaikiramo mazira, timati anaikondema. Nyama yovunda imene azaumoyo alanda pamsika, aikondema. Kundende, kondemu ndi chipinda cha anthu odikira chingwe. Ndinawauza za chipindacho basi. Za galimoto ndi nyama ndinameza.

Lamulungu, 14 Julaye

Titatuluka m'tchalitchi, nkhani yomweyo. Wina akuti boma la matipate silinyonganso anthu. Wina akuti bodza, akungodikira siginecha ya apulezidenti. Onse akutembenukira kwa ine, "inu a kukhoti, zoona n'ziti?" Ngati kuti amandiitana ku misonkhano yawo.

Lachiwiri, 16 Julaye

Faines wawayalira mphasa pakhonde, akumawapatsa tiyi ndi mbatata. Kwa ine: "Bambo a Roza, Chingerezi chonsecho chikuthandizani chiyani? Alembereni kalata!"

Ndalemba, masamba awiri, kupempha kuti mlandu auonenso. Mayi aja adinda chala. M'mawa ndikaipereka kuofesi, ndipo woilandira n'kuiika m'faelo ndine ndemwe. Loya amene anaimira Enoki anabwerera ku Lilongwe tsiku la chigamulo lomwelo. Ndikuchita manyazi ndi mmene anandithokozera, mpaka kugwada.

Lachitatu, 17 Julaye

Lero za kubweza mawu sanazitchule. Mafunso ena.

"Akamunyonga, thupi amatipatsa?"

Ndinati ndimamva kuti amaika komweko.

"Nanga tsiku amatiuza?"

Sindikudziwa.

"Ndiye ine ndimete liti, bambo?"

Inde, maliro akatha anthu amameta, kulira n'kutha, aliyense n'kubwerera kumunda kwake. Nanga maliro opanda tsiku, opanda manda? Ndinati mayi musamete, mwana ali moyo, ena akhala ku kondemuko zaka zambiri osawakhudza.

"Ali moyo woti ndimuphikire?"

Faines analowa m'nyumba kukalira.

Lachinayi, 18 Julaye

Sanabwere. Mtima wanga unakhala pansi, Mulungu andikhululukire.

Loweruka, 20 Julaye

Sanabwerenso. Mphasa ikadali pakhonde, Faines wakana kuichotsa.

Lolemba, 22 Julaye

M'mamawa, ndikumanga tayi, ndinamva odi. Anali mayi aja, ndipo anakana kukhala pansi. Anangomasula duku ali chiimire.

Mpala. Pena ndi pena mabala a lezala, ena asanaume.

"Ndinapita kumudzi. Abale anakana, akuti wamoyo sitimumetera. Ndameta ndekha."

Ndinayang'ananso mabala aja.

"Sindikuvutitsaninso, bambo. Koma inu mumayenda m'maofesi a boma. Mukadzamuona mwana wanga, musadzamuuze kuti ndinameta."

Ndinati, "Ndamva, mayi."

Anamanganso duku lawo, natsazika Faines, n'kutsika njira ya kumsika. Faines wapinda mphasa ija, wailowetsa m'nyumba.