Atate Alankhula Chifukwa cha Batire

Okondedwa akulu anga,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu? Ife kuno ku Zemba mitima yakhala pansi.

Chidwalireni sitiroko, atate anali asanatulutse mawu. Dzulo ndinapeza pafoni makatuni aja tinkaonera pa TV ya batire la galimoto. Mukukumbukira tianthu topangidwa pakompyuta, touma nkhope, amayi ankatiyesa zilombo za kudambwe n'kubisa maso m'chitenje? Linali gawo lija kamunthu kofiira kagwera m'chitsime. Likadali lokoma, ndinaseka mpaka misozi.

Atate, omwe anagona pambali panga, anayang'anitsitsa, kenako anati, "Zimitsani, mutha batire!"

Amayi anaimba nthungululu.

Chonde imbani foni Lamlungu, akukalipireni nanunso. Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Tiyanjane